Makina otchetchera a flail mower

Awa ndi makina otchetcha udzu ndi tchire omwe amamangiriridwa kumbuyo kwa thalakitala. Mphamvu imachokera ku shafiti ya thalakitala yotchedwa PTO, yomwe pa mathalakitala ambiri imazungulira ka 540 pa mphindi, nkudutsa mu giyabokosi ndi malamba kukazunguza mkombero wachitsulo wogona chopingasa. Pa mkomberowo pamalendewera timipeni tambirimbiri. Kampeni kakagunda mwala kapena chitsa kamangobwerera m'mbuyo, ndipo chivindikiro cha makinawo chimaletsa miyala kuuluka. N'chifukwa chake makinawa amakondedwa m'mbali mwa misewu ndi m'minda ya zipatso.

Timipeni tooneka ngati Y n'toyenera udzu. Tolemera tonga nyundo timaphwanya zitsamba ndi mapesi a chimanga, zinyenyeswazo nkutsala zitafundika nthaka m'malo motenthedwa.

Pogula, yambani mwaona mphamvu ya thalakitala yanu, chifukwa makina otambalala kwambiri amaitopetsa. Ngati ndi ogwirapo kale ntchito, utoto usakunyengeni. Zimitsani injini, muzunguze mkombero ndi dzanja, mumvetsere ngati mabering'i akukhuluza. Mkombero wopindika ndi vuto lodula kwambiri: makina amanjenjemera, mabawuti amamasuka, zowotcherera nkuyamba kung'aluka.

Kampeni kakathyoka, sinthaninso ka mbali inayo kuti kulemera kufanane. Malamba akhale okungika bwino, apo ayi amaterereka nkununkha kupsa. Girisi asasowe. Waya wa mpanda ukakulungika ku mkombero, musauyandikire injini isanazime ndiponso mkomberowo usanayimiretu.