Kuchoka ku ndende ya Zomba kufika pa Chifunga

M'nthawi ya atsamunda, munthu wa kumunsi kwa Neno akazungulira mutu, abale ankayamba kwa sing'anga. Zikakanika, wotsala unali ulendo wa ku Zomba. Kumeneko, kuyambira mu 1910, odwala misala ankasungidwa m'chigawo china cha ndende yaikulu, moyang'aniridwa ndi asilikali a ndende. Lamulo lokhudza odwalawa linabwera mu 1948, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Mpaka lero mawu oti "mupite naye ku Zomba" amaopsa banja lonse.

Abale a St John of God atafika ku Mzuzu ndi chithandizo cha odwala misala m'zaka za m'ma 1990, anthu akumpoto anapumako. Koma Neno, boma lomwe linapatulidwa ku Mwanza mu 2003, linali kutali ndi zonsezi. Mayi wosagona usiku chifukwa choganiza kwambiri ankangouzidwa kuti alimbe mtima.

Zinthu zinayamba kusintha mu 2007, bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, litayamba kugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali. Poyamba nkhondo inali ya Edzi. Mu 2015 kliniki ya ma ARV inakulitsidwa n'kukhala ya matenda onse amgonagona, ndipo inafika m'zipatala zing'onozing'ono monga cha Chifunga. Wa shuga, wa BP, wa khunyu, wa mphumu ndi wa nkhawa anayamba kukhala pa mzere umodzi. Woyandikana naye pabenchi sangadziwe chomwe mnzake wadzera, choncho manyazi anachepa.

Kenako kunabwera magulu a uphungu otsatira njira ya bungwe la WHO yotchedwa Problem Management Plus. Otsogolera si madokotala, koma anthu wamba ophunzitsidwa. Pa misonkhano isanu, odwala amaphunzira kupuma pang'onopang'ono mtima ukamathamanga, kugawa vuto lalikulu m'tizigawo toti n'kuthana nato, kubwerera ku dimba kapena ku kwaya, komanso kudalira anzawo. Ofunika mankhwala amalandiranso. Kafukufuku wa m'zipatala 14 za ku Neno, wosindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2024, anapeza kuti njirayi inachepetsa kwambiri matenda a nkhawa.

Lomwe latsalira m'mbuyo ndi vuto la kadyedwe. Dokotala William Gull wa ku London anatchula matenda odzimana chakudya kuti anorexia nervosa mu 1873, koma kuno mtsikana akamakankha nsima n'kumaonda, anthu amathamangira kuganiza za kachilombo, TB kapena ufiti. M'dera lomwe njala ndi mlendo wa chaka ndi chaka, n'zovuta kukhulupirira kuti wina angakane chakudya chilipo, kapena kudya mobisa kenako n'kudzisanzitsa. Ana otere amakalipiridwa, chonsecho matendawa amafooketsa mtima ndipo amapha.

Khomo lolowera lilipo kale. Pa mafunso asanu ndi anayi omwe azaumoyo amafunsa poyeza nkhawa, limodzi ndi lakuti munthu akudya pang'ono kwambiri kapena mopitirira muyeso. Kholo la pa Chifunga likafotokozera mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, mwanayo angapimidwe pa chipatala chomwecho, ndipo vuto likakula amatumizidwa ku Lisungwi kapena ku chipatala chachikulu cha Neno.