Khoma la ku Chintheche: kuchokera pa linga kufika pa malata

Mlendo wofika ku Chintheche mu Okutobala angaseke atamva kuti kuno anthu amadandaulanso za chisanu. Koma adzabwerenso mu Juni kapena Julaye, mwera utakalipa panyanja, asodzi a usipa atakokera mabwato kumtunda. Mphepoyo imalowa paliponse pamene mmisiri anasiya mpata, ndipo m'bandakucha, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, bulangete limodzi silikwanira.

Khoma limene mbiri ya dera lino imakumbuka kwambiri silinali lotchinga mphepo. M'zaka za m'ma 1870 Atonga ankakhala mothinana m'malinga poopa nkhondo ya Angoni a M'mbelwa otsika kuchokera kumapiri, ndipo linga la Mankhambira ku Chintheche ndilo linatchuka. M'kati mwa malingawo munali nyumba zomata. Amuna ankazika mitengo, n'kumanga phaso, kenako dothi lopondaponda linkamatidwa kunja ndi m'kati, amayi n'kumalizitsa ndi kuzira. Denga linali la udzu wochindikala, lotsika mpaka kuphimba khonde, chifukwa mvula ya ku Nkhata Bay sichita masewera ndi chipupa cha dothi.

Nyumba yotereyi inali ndi nzeru imene eni ake sankaitchula dzina. Pakati pa udzu wofolera pamatsekeredwa mpweya, ndipo mpweya wosayenda sulola kutentha kudutsa msanga. Dothi nalo limachedwa kutentha, limachedwanso kuzizira: limamwa dzuwa la masana pang'onopang'ono, n'kumalibweza usiku anthu atagona. Kuwonjezera moto wosonkha pakati pa nyumba, chisanu chinkathera pakhomo. Tisaikometse mopitirira, komabe. Chiswe chinkadya mitengo, udzu unkafuna kufolera kawirikawiri, utsi unkawawa m'maso, ndipo kamoto kamodzi kankatha kumaliza mudzi.

Njerwa yootcha inabwera ndi mishoni. Mu 1881 Robert Laws ndi anzake a ku Scotland anasamutsa likulu lawo kuchoka ku Cape Maclear kubwera ku Bandawe, ndipo anyamata a kuno anaphunzira kugwira chikombole, kusanja uvuni ndi kuyala njerwa potsata chingwe. Tchalitchi chakale cha ku Bandawe chikadali chiimire ngati mboni ya luso limenelo. Makoma ake ndi ochindikala, n'chifukwa chake wolowamo masana amamva kaziziridwe ngakhale kunja mchenga ukuotcha mapazi. Malungo sanawasiye amishoniwo, monga manda a pamalopo akusonyezera, ndipo mu 1894 Laws anakwera kupita ku Khondowe. Kumeneko vuto linatembenuka: nkhungu ndi chisanu. Nyumba yake yotchuka ya kumeneko, Stone House, anaimanga ndi miyala.

Koma amene anasinthadi maonekedwe a midzi ya m'mphepete mwa nyanja si azungu a mishoni kapena a boma lomwe linatsegulidwa ku Chintheche. Ndi Atonga eni ake. Iwo anali m'gulu la oyamba kupita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mwana wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe. Wobwerera kwawo ankafuna kuti mudzi wonse uone kuti sanapite kukasewera, ndipo chizindikiro chake chinali nyumba ya ngodya zinayi, ya njerwa, yofolera malata. Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera pang'ono. Pofuna kupulumutsa ndalama, khoma linayamba kupyapyala, ndipo siling'i inkadikira ulendo wina wa ku Joni. Lata silisunga kanthu: masana limasandutsa chipinda uvuni, usiku limataya kutentha konse, ndipo m'mawa wa chisanu limachita thukuta n'kumadonthezera ogona.

Chodabwitsa n'chakuti kwawo kwa Laws amisiri analowera njira ina. Ku Britain, m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, kunafala kumanga makoma awiri osiya mpata pakati, poyamba pofuna kuletsa chinyezi. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, anthu anayamba kudzaza mpatawo ndi zinthu zonga thonje kuti kutentha kusathawe. Mfundo yake ndi yomwe ija ya denga la agogo: kutsekera mpweya kuti usayende. Mtchona wa lero amene akukhala m'kanyumba ka malata ku Johannesburg amaitulukira yekha Juni akafika, pamene amayamba kukhoma makatoni m'kati mwa zipupa.

Njerwa yootcha nayo tsopano ili pamlandu, chifukwa uvuni uliwonse umameza nkhuni zambiri. Mu 2018 malamulo a National Construction Industry Council analetsa njerwazi pa zomanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda, ndipo mabuloko a simenti okhala ndi mabowo ayamba kuoneka m'mbali mwa msewu wa M5. M'midzi uvuni ukufukabe. Ndipo woyenda pamchenga wa Chintheche angaone kuti udzu sunathe: wasamukira kumalo ogona alendo, kumene mzungu amalipira ndalama zambiri kuti agone pansi pa denga lofolera bwino. Kuseri kwa mpanda, wophika wa pamalopo akusunga ndalama zogulira malata, ndipo mnzake amene anafolera kale wakhoma mphasa za bango kunsi kwa denga kuti zikhale siling'i.