Namondwe sitinamukoleze, koma tikumusonkhezera

Mayi aliyense wophika pa mafuwa amadziwa kuti kukoleza moto ndi kusonkhezera moto ndi ntchito ziwiri. Wokoleza amayambira paphulusa, amagwada n'kuuzira mpaka utsi kumutulutsa misozi. Wosonkhezera amapeza moto ukuyaka kale, iye n'kungokankhira zikuni mkati kuti malawi akwere. Mawu awiriwa tinakula nawo, koma tikafika pa nkhani za nyengo timawasiya kukhitchini.

Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Marichi 2023, kulikonse kunkamveka mawu akuti kusintha kwa nyengo "kwabweretsa" namondwe. Mneni ameneyu ndi wolakwika. Anamondwe analipo makolo athu asanaone galimoto, ndipo akuluakulu a ku Zomba amasimbabe za napolo wa mu 1946. Namondwe amabadwira panyanja yamchere madzi akafunda kufika madigiri 26 kapena 27. Ku America amamutcha hurricane, ku Japan typhoon, kuno ku nyanja ya Indian cyclone, koma chilombo chake ndi chimodzi. Katrina amene anamiza New Orleans mu 2005 ndi Idai amene anasakaza Beira mu 2019 ndi apachibale.

Mbali yathu anthu ndi kusonkhezera. Nyanja ikafunda kwambiri, namondwe amapeza chakudya chochuluka. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi, umanyamula chinyezi choonjezera pafupifupi 7 pa 100 alionse, ndipo chinyezi chonsecho chimatsika ngati mvula. N'chifukwa chake akatswiri a World Weather Attribution, atafufuza za namondwe wa Ana ndi anzake a mu 2022, anapeza kuti kutentha kwa dziko kunakulitsa mvula yawo. Sananene kuti kunawalenga.

Cholakwika china ndi mawu obisa wolakwa. Tikamati "nyengo yasintha", zimamveka ngati yasintha yokha, monga mmene dzinja limasiyira malo masika chaka ndi chaka. Mbale ikasweka, mwana wochenjera amati "yasweka", osati "ndaswa". Ifenso tikuchita chimodzimodzi. Chichewa chili ndi njira yolozera mwini ntchito: dziko silikungotentha, anthu akulitenthetsa. Mafakitale asanachuluke, mpweya wa kaboni unali magawo 280 pa miliyoni mumlengalenga, lero wapitirira 420.

Ndipo tiziutchula dzina mpweyawo. "Mpweya woipa" ndi mawu amene timanena mwaulemu wina akaononga mpweya m'basi. Mpweya wa kaboni suipa mwa iwo wokha, chimanga chimakula nawo. Vuto ndi kuchuluka kwake, poti umatsekera kutentha ngati bulangete. Tisiyanitsenso makala ndi malasha. Makala ndi aja a m'thumba la panjinga, ochokera ku mitengo yathu. Malasha amakumbidwa pansi, ngati ku Moatize ndi ku Mchenga. Mlembi akasokoneza awiriwa, mlandu wa dziko lonse umagwera wogulitsa makala, pomwe utsi wambiri umachokera ku malasha, mafuta ndi gasi amene maiko olemera akhala akuotcha kwa zaka zoposa 150. Wodula mitengo ali ndi mlandu wake: phiri lopanda mitengo siligwira dothi mvula ikakula. Koma aliyense asenze wake.

Komanso kamvuluvulu si namondwe. Kamvuluvulu ndi uja amanyamula fumbi ndi mapesi pabwalo mu Okutobala, ana n'kumamuthamangira. Wochenjeza anthu a ku Nsanje ndi dzina limeneli akuwauza kuti agone.

Inu olemba nkhani, aphunzitsi ndi owulutsa mawu, sankhani mneni musanalankhule. Mukati tinakoleza, munthu wodziwa mbiri akutsutsani, ndipo asiya kukhulupirira zonse. Mukati zangochitika zokha, palibe achotse chikuni pamoto. Nenani kuti tikusonkhezera, pakuti moto wosonkhezera umatheka kuuphwetsa.