Lord Carrington ndi Kutha kwa Nkhondo ya ku Rhodesia

Anthu a kuno kum'mawa anailawa nkhondo ya ku Rhodesia ngakhale inali kutsidya kwa Zambezi, pakuti m'mwezi wa November 1979 asilikali a kumeneko anagumula mlatho wa Chongwe pa mseu wa ku Lusaka, ndipo katundu wa ku Chipata anabvuta kufika.

Masiku omwewo, ku London, nduna ya Angerezi yoona za maiko akunja, Lord Carrington, inali kuweruza mlanduwo. Msonkhano wa Commonwealth umene Kaunda anacereza ku Lusaka m'August ndiwo unatsegula njira, ndipo pa 10 September Mugabe, Nkomo, Muzorewa ndi Smith anakhala pansi ku Lancaster House. Carrington sanali mkhalapakati wofatsa ai. Anagawa mlandu patatu: malamulo a dziko, masankho, ndi kutula zida, nakana kukhudza caciwiri coyamba cisanathe. Mugabe ndi Nkomo akazengereza, iye ankawaikira tsiku, nawaopsa kuti adzapangana ndi Muzorewa yekha. Kaunda ndi Machel, amene maiko ao anatopa ndi mabomba, anawakankhanso.

Pangano linasainidwa pa 21 December, ndipo Zimbabwe anadzilamulira pa 18 April 1980. Komatu azungu anasungiridwa mipando 20 mwa mipando 100, ndipo minda yao sinayenera kulandidwa mokakamiza kwa zaka 10. Nkhani ya nthaka, imene anthu anafera, Carrington anaikankhira m'tsogolo, ndipo inabukanso ndi ciwawa m'caka ca 2000.