ZA MPINGO WA KU MIGODI YA MKUWA

Aphunzitsi anzanga, pophunzitsa mbiri ya Mpingo tinazolowera kunena kuti Mau a Mulungu anafika pa malo akuti ndi mmishoni wakuti. Koma ku migodi ya mkuwa ya dziko la Zambia, limene kale dzina lace linali Northern Rhodesia, sizinatero ai. Kumeneko mpingo unamera amishoni asanakhazikike, ndipo mbiri yace iyenera kutifunsa ife mafunso.

Pakati pa 1925 ndi 1930 nchito inakula pa Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola, pa Nkana pamene lero pali mzinda wa Kitwe, ndiponso ku Luanshya, Mufulira ndi Nchanga. M'caka ca 1930 anchito acikuda anali ngati 30,000. Anacokera kwa Abemba, kwa Alozi, kwa Angoni ndi Acewa a ku Fort Jameson, ndi ku Nyasaland. Ambiri mwa iwo anali ataphunzira m'sukulu za mishoni, ndipo ena anali obatizidwa.

Tsono moyo wa m'komboni unapeta anthu monga mai apeta mphale m'licero. Kumudzi munthu anali kuopa maso a mkulu wa mpingo, a mphunzitsi ndi a apongozi ace. Ku migodi kunalibe womdziwa. Ena anaika kalata wao wa mpingo pansi pa bokosi. Sanakane Ambuye poyera, koma tsiku la Sabata linawapeza ku mowa, ndipo mkazi wotsala kumudzi analeka kumva za iwo. Anafuna kukhala Akristu pobwerera kwao, koma anthu wamba pa mgodi. Makolo athu anati mapanga awiri abvumbwitsa.

Koma analipo ena a mtima umodzi. M'caka ca 1925 Akristu a ku Ndola, ambiri a iwo ocokera ku Nyasaland, anayamba kusonkhana paokha. Analeredwa ndi mishoni zosiyana, nalankhula zinenero zosiyana, koma sanafunsane za zimenezo. Anasankha akulu, nasonkha ndalama pa malipiro ao ocepa, namanga nyumba yopemphereramo, nalipira mlaliki, natsegula sukulu. Misonkhano yotere inafalikira ku migodi ina, ndipo inadziwika ndi dzina lakuti Union Church. Mbusa A. J. Cross wa mishoni ya Baptist ku Kafulafuta anali kudza kudzawathandiza ndi ubatizo ndi Mgonero, koma mpingo unali m'manja mwa eni ace.

Ciyeso cacikulu cinadza m'caka ca 1931, pamene mtengo wa mkuwa unagwa. Mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa, anthu zikwizikwi anacotsedwa nchito, ndipo pakutha pa 1932 otsala sanakwane 7,000. Komabe mpingo sunafe. Pamene Mbusa R. J. B. Moore wa London Missionary Society anafika ku Mindolo, pafupi ndi Nkana, m'caka ca 1934, anapeza moto uli kuyaka kale. Umodzi wa anchito aja unali citsanzo kwa amishoni omwe: m'caka ca 1936 anagwirizana, nayamba United Missions in the Copperbelt. M'caka ca 1945 Union Church inaphatikana ndi mipingo ya mishoni za London ndi Scotland, ndipo pa 16 January 1965, pa Mindolo pomwepo, panabadwa United Church of Zambia.

Taonani: wobisa kalata uja ndi womanga nyumba ya Mulungu uja anakhala pa mabenci ofanana, naloweza katekisma yemweyo. Wina anaphunzira kuti aoneke bwino pamaso pa anthu. Wina anapereka mtima wace wonse. Kusiyana kwao sikunaoneke kumudzi, koma kunaoneka kumene kunalibe wowayang'anira.

Ana amene tiwaphunzitsa lero, ambiri adzacoka kupita ku mizinda, kumene sitidzawaona. Iwo atipenya, ndipo adziwa ngati tikonza bwino phunziro la Mau a Mulungu masiku onse, kapena pokhapokha tamva kuti woyendera sukulu ali pa njira. Mphunzitsi wa mitima iwiri sakhoza kulera mwana wa mtima umodzi. Cifukwa cace yense wa ife adzifunse: ndikadatsika sitima pa Ndola m'caka ca 1925, popanda wondidziwa, kalata wanga ndikadamtulutsa kodi?