Mtengatenga wa ku Khondowe

Mabuku amati Dr Robert Laws anasamutsira Livingstonia ku Khondowe mu 1894, malungo atasautsa amishoni ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Nzoona. Koma kodi mabokosi aja anakwera okha phiri lija?

Kwathu ku Rumphi nkhaniyi timaikamba mwina. Agogo awo a bambo anga anali mtengatenga: kuchoka kunyanja mpaka pamwamba, katundu pamutu, malipiro ake nsalu. Akuti dazi lawo linali la katunduyo, osati la ukalamba. Tili ana tinkangoseka. Kenaka anaswa mphanje komweko, mbumba yathu nkuyambira pamenepo.

Nditapita kukafuna manda awo, ndinapeza a amishoni ali ndi miyala yolembedwa bwino, dzina ndi chaka. Azakhali anayenda nane m'tchire, naima pamkuyu wina. "Mwina ndi pano," anatero.