Kusintha kagawidwe ka madzi a m'damu

Iyi ndi njira yopezera madzi mizinda ndi mafakitale popanda kumanga damu latsopano. Gawo la malo osungira madzi m'damu lakale, lomwe poyamba linali la magetsi, la zombo kapena lochepetsera kusefukira kwa mtsinje, limaperekedwa kwa anthu a m'mizinda. Ku United States, lamulo la Water Supply Act la 1958 limalola US Army Corps of Engineers kuchita zimenezi. Mzinda umalipira malo osungiramo, osati madziwo. Kusinthako kukasokoneza kwambiri ntchito zomwe damulo linamangidwira, pamafunika chilolezo cha nyumba ya malamulo ya Congress.

Mkangano wodziwika ndi wa nyanja ya Lanier, kuseri kwa damu la Buford pa mtsinje wa Chattahoochee, yomwe imamwetsa Atlanta. Alabama ndi Florida, zomwe zili kumunsi, zinadandaula kuti madzi akuchepa. Mu 2009 woweruza Paul Magnuson anagamula kuti Congress sinaloleze kutunga madzi ochuluka chotero, koma khoti la apilo linathetsa chigamulocho mu 2011. Dandaulo la akumunsi ndi lomveka: madzi ena amene Atlanta yatunga sabwereranso mumtsinje, ndipo Florida inati m'chilala kusowako kumafika mpaka kwa asodzi ake a ku Apalachicola.